Labotale imene inayeza madzi anga a ku Taylor Valley: yochedwa, yodula, koma ndatumizanso

Mabotolo anali 34. Ndinawakulunga ndekha, lililonse m'kathumba kake, n'kuwaika m'bokosi lozizira, ndipo tsiku limene galimoto yotenga katundu inabwera ndinaima pakhomo kuiyang'ana mpaka inakhota. Munali madzi amene ndinatunga ndi manja anga ku Taylor Valley, ku Antarctica, komanso mabotolo 4 a madzi amchere a pansi pa Nyanja ya Vanda amene anzathu a gulu lina anatigawirako. Ankapita ku labotale ya pa yunivesite ina, yomwe imalandira masampulo a anthu akunja n'kuyeza ma isotope a kashiamu (mitundu yake yosiyana kulemera) pamalipiro. Dzina la labotaleyo ndilisunga, chifukwa ogwiramo ntchito ndi anthu owerengeka ndipo madandaulo amene ndilembe pano ndinawauza kale eni ake pamaso. Koma amene muli ndi madzi ofunika kuyeza ndipo mukufufuza kotumiza, mupezapo zoti mufunse musanatulutse ndalama.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo yagwera pa nkhani ya kukhala chete, ndipo ndifikapo.

Kuti mumve chimene chinandiimitsa pakhomo paja, muyenera kudziwa kumene madziwo anachokera. Zigwa za McMurdo Dry Valleys ndiwo malo aakulu koposa opanda ayezi mu Antarctica yense, masikweya kilomita oposa 4,000 a miyala, mchenga ndi nyanja zovindikiridwa. Ndi chipululu chenicheni. Chipale chofewa chimene chimagwa pachaka, mutati muchisungunule, kawirikawiri sichikwana mamilimita 50 a madzi, ndipo chambiri mphepo imachinyambita chisanasungunuke n'komwe. Madzi oyenda amaoneka masabata ochepa okha, makamaka mu Disembala ndi Januwale, dzuwa likamawomba ma glacier, ayezi wakalekale uja wotsetsereka pang'onopang'ono kuchokera m'mapiri. Timitsinje timadzuka, timayenda pamchenga, timathira m'nyanja zopanda kotulukira, kenako Febuluwale akafika timagonanso. Mukaphonya masabata amenewo, mwaphonya chaka chathunthu.

Tsiku lina tinali m'mbali mwa Von Guerard Stream, kamtsinje kothira m'Nyanja ya Fryxell. Titafika munalibe ngakhale dontho, mchenga wokhawokha ndi timikeka takuda ta tizamoyo tating'onoting'ono tonga ndere, touma gwa ngati zikopa. Dzuwa litatembenukira ku ayezi wa m'mapiri a Kukri, tinayamba kumva kaphokoso, kenako tinaona madzi akubwera, mutu wake ukukankha thovu ndi fumbi. Ndinadikira kuti ayere, ndinagwada, ndinatsuka botolo katatu ndi madzi omwewo, n'kuyamba kukoka ndi sirinji ndi kukankha kudzera m'kasefa ka timabowo ta 0.45 micron. Magolovesi okhuthala sagwira sirinji, ndiye umavula n'kutsala ndi opyapyala a mu labotale. Pofika botolo lachitatu zala zinali zitachita dzanzi, ndipo kasefa kamodzi kanaundana m'manja mwanga madzi ali mkati. Pamene tinkanyamuka, timikeka tija tinali titafewa, titafufuma, tayambanso moyo.

Madzi a m'nyanja ndiye amatungidwa kudzera pauna. Ayezi wa pamwamba pa nyanja za Fryxell, Hoare ndi Bonney ndi wochindikala mamita 3 mpaka 6, ndipo sachoka chaka chonse kupatula m'mphepete nthawi yotentha. Umaboola, umakulitsa dzenje, umatsitsa botolo la Niskin pachingwe mpaka pa mlingo umene ukufuna. Popeza mphepo siwakhudza, madziwo sasakanikirana. Amakhala m'misanjikizo, abwino pamwamba, amchere pansi. A pansi pa Fryxell amanunkha mazira owola, ndipo a pansi pa Bonney amaposa a m'nyanja yamchere kangapo. Kwa ine wokulira ku Zomba, nyanja yopanda kotulukira si chinthu chachilendo: Chilwa naye amalandira mitsinje koma satulutsa, ndipo mchere wake umakwera madzi akamaphwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Antarctica dzuwa limathandizana ndi chisanu pa ntchito yosiya mcherewo.

Malamulo akumeneko ndi okhwima, potsatira mgwirizano woteteza chilengedwe cha Antarctica umene unasainidwa ku Madrid mu 1991. Chilichonse chimene mwabwera nacho m'zigwamo chimatuluka pa helikopita, mkodzo womwe. Botolo lililonse la sampulo limatuluka ndi chilolezo. Ndiye botolo likatayika kapena likaipitsidwa pa tebulo la munthu wosasamala, palibe kunena kuti tikatunganso mawa.

Tsono kashiamu walowa bwanji pa nkhaniyi? Mwachilengedwe kashiamu ali ndi mitundu 6 yosiyana kulemera kokha: 40, 42, 43, 44, 46 ndi 48. Mitundu imeneyi ndiyo ma isotope. Pa maatomu 100 alionse, pafupifupi 97 ndi a 40, awiri ndi a 44, otsalawo ndi nyenyeswa chabe. Chimene timayeza ndi kuchuluka kwa 44 poyerekeza ndi 40. Mwala woyera wa calcite ukamapangika m'madzi umatengako kashiamu wopepuka mochulukirapo pang'ono, n'kusiya madzi atalemererapo. Choncho madzi amasunga chizindikiro cha kashiamu amene anawachokera, osati yekha amene watsalamo.

Funso langa ndi la kumene kashiamu wa m'nyanjazi amachokera ndi kumene amathera. Angachokere ku miyala ikamadyeka mumchenga wonyowa wa pansi ndi m'mbali mwa timitsinje: granite wa zaka pafupifupi 500 miliyoni, kapena dolerite wakuda wa Ferrar wa zaka pafupifupi 180 miliyoni, amene amaoneka ngati malamba m'zipupa za zigwa. Angachokere ku calcite ndi gypsum wakale wounjikana m'dothi, amene amasungunuka msanga madzi akangomukhudza. Angabwerenso ndi mphepo kuchokera ku nyanja yamchere ya ku McMurdo Sound, makamaka ku Fryxell komwe kuli pafupi ndi gombe. Ndipo akalowa m'nyanja, ndere zikamatenga mpweya wa carbon dioxide pansi pa ayezi, calcite amapangika n'kumira. Kungoyeza kuchuluka kwa kashiamu sikulekanitsa zonsezi. Ma isotope amathandiza, koma kusiyana kwake n'kochepa zedi, magawo ochepa pa 1,000, ndipo kuti munene kanthu pamafunika makina olondola mpaka pa 0.1 kapena kuposerapo. Labotale yathu ilibe makina otero. N'chifukwa chake ndinatumiza kwina.

Chinthu choyamba chimene chinandikhazika mtima pansi chinachitika mabotolo asananyamuke. Nditadzaza fomu yawo, mayi amene amayendetsa makinawo anandilembera imelo yaitali yokhala ndi mafunso okhaokha. Anafuna kudziwa kuchuluka kwa kashiamu m'botolo lililonse, komanso kwa potaziyamu, strontium ndi magnesium. Anafunsa asidi amene ndinathira posunga madziwo, ndinamugula wa mtundu wanji, ndipo mabotolo ndinawatsuka motani ndisanapite nawo. Kenako anafunsa ngati ndinali ndi botolo la madzi oyera a mu labotale limene linayenda ulendo wonsewo, kutsegulidwa m'mbali mwa mtsinje ndi kudutsa m'sefa ngati anzake. Ndinali nawo awiri. Anati ndiwatumize, sawawerengera pa bilu. Labotale ina imene ndinafunsa mtengo poyamba inangoyankha ndi nambala ya akaunti ndi adiresi, tsamba lake la pa intaneti lili lokongola kwabasi. Chikomekome cha mkuyu. Amene safunsa za potaziyamu sanaganizebe za madzi anu, chifukwa potaziyamu nayenso ali ndi mtundu wolemera 40, ndipo akatsalira mu sampulo makina amamuwerenga ngati kashiamu.

Anandilola kupita kukaona kwa masiku atatu pamene ankayamba gulu loyamba, ndipo ndikulangiza aliyense wotumiza masampulo kuti apemphe mwayi umenewu. Chipinda choyeretsera masampulo umalowa utavala chovala chophimba thupi lonse, nsapato zapadera ndi chotchinga tsitsi. Mulibe chitsulo choonekera, mulibe pensulo, mulibe magolovesi a ufa. Vuto la kashiamu n'lakuti ali paliponse: mu simenti ya khoma, m'choko, m'madzi a pampopi, m'fumbi, pakhungu lathu lomwe. Madzi a timitsinje tafupi totuluka kumene mu ayezi amakhala ndi kashiamu wochepa kwambiri. Labotaleyi imafuna ma microgram 50 pa sampulo. Ngati madzi anu ali ndi mamiligalamu 2 pa lita, ndiye kuti mamililita 25 ayenera kuumitsidwa m'kakapu ka Teflon usiku wonse, ndipo usiku wonsewo kafumbi kalikonse kogweramo kamakhala gawo la yankho lanu. Ndinaona mmene ankavindikirira timakapu, mmene ankasinthira magolovesi akangokhudza chitseko, mmene ankalembera kakapu kalikonse kawiri, pambali ndi pachivindikiro.

Asanachite china chilichonse amathira mu sampulo chimene amachitcha double spike, madzi okhala ndi kashiamu wa 42 ndi 48 wosakanizidwa mwadala pa mlingo wodziwika bwino. Ndinafunsa chifukwa chake amathira poyambirira osati pomaliza. Mayiwo anandionetsa timachubu todzaza ndi resin (timikanda tating'onoting'ono tonga pulasitiki), timene amadutsitsamo sampulo ndi asidi kuti kashiamu alekane ndi potaziyamu, strontium ndi zina. Anafotokoza kuti resin nayenso amalekanitsa kashiamu wopepuka ndi wolemera, moti ukataya ngakhale pang'ono kumayambiriro kapena kumchira, yankho limapendekeka. Makina nawonso amapendeketsa potenthetsa. Koma spike ikalowa poyamba imadutsa m'mavuto onsewo limodzi ndi sampulo, ndipo poona mmene iyo yapendekekera umawerengetsa n'kuwongola. Nzeru imeneyi pa kashiamu inakhazikika ndi ntchito ya Russell, Papanastassiou ndi Tombrello ya mu 1978. Ndinali nditaiwerenga m'kalasi, koma ndinaimvetsa tsiku limenelo, nditaona madontho akugwa limodzilimodzi kuchokera pansi pa kachubu.

Tsiku lachitatu ndinaona akuika sampulo pa kawaya. Makina awo ndi a TIMS, otenthetsa sampulo pa kawaya n'kuyeza kulemera kwa maatomu ake. Kashiamu woyeretsedwa uja, amene tsopano saoneka n'komwe pansi pa kakapu, amamusungunula m'kadontho kamodzi ka asidi, kochepa kuposa njere ya mapira. Kawayako ndi kachitsulo kopyapyala kosakwana milimita imodzi m'lifupi. Mayiwo anakhala pansi, anatsamiritsa zigongono patebulo, anayang'ana m'galasi lokulitsa, n'kuika kadonthoko pakatikati pa kawaya. Anakweza magetsi pang'onopang'ono mpaka kanauma, n'kukwezanso mpaka kawaya kanafiira psuu kwa kamphindi, kenako anatsitsa. Nthawi yonseyo sanayankhule, ndipo ndinazindikira kuti nanenso ndinali nditasiya kupuma. Pa kawaya kameneko panali madzi a ku Von Guerard aja, amene anandiumitsa zala. Akalowetsa m'makina amachotsamo mpweya wonse, amatenthetsa kawaya kupitirira madigiri 1,000, ndipo maginito aakulu amapatula maatomu potengera kulemera kwake. Sampulo imodzi imadya maola angapo.

Ena adzakuuzani kuti makina a plasma ndi achangu ndiponso otsikirako mtengo, ndipo sakunama. Koma makina amenewo amayendera mpweya wa argon, womwe kulemera kwake ndi 40 ndendende, ndiye ambiri a iwo sayeza kashiamu wa 40. Amayeza 44 poyerekeza ndi 42 n'kuwerengetsa. Pa ntchito zambiri zimenezo n'zokwanira. Ine ndinkafuna 40 weniweniyo, pa chifukwa chimene ndinene kutsogoloku.

Madzi a Vanda anawasamala mwa njira imene sindinaiganizire. Vanda ili ku Wright Valley, komwe mtsinje wa Onyx, wautali koposa mu Antarctica ngakhale uli wa makilomita pafupifupi 32 okha, umayenda kuchokera kufupi ndi gombe kulowera kumtunda n'kukathera m'nyanjayo. Pansi pake pali madzi ofunda pafupifupi madigiri 25, odzaza ndi mchere wa calcium chloride. Ndi mtundu womwewo wa mchere wa ku Don Juan Pond, kadziwe ka m'chigwa chomwecho kamene kanapezeka mu 1961, kamene mchere wake umaposa magawo 40 pa 100 moti sikaundana wamba ngakhale m'chisanu choopsa. Kadontho kamodzi ka madzi oterewa kali ndi kashiamu woposa wa m'botolo lonse la madzi a kamtsinje. Mayiwo atangoona manambala pa fomu anapatula mabotolo 4 aja, sanawalowetse m'chipinda choyera asanawasungunule. Anawasungunulira kunja, ndi mapaipi ena, tsiku lina, n'kulowetsa osungunulawo pomalizira penipeni, madzi onse a timitsinje atatha. Palibe amene anawapempha zimenezi.

Ndinabwerera ndili wokondwa. Pa mgwirizano analemba kuti zotsatira zituluka m'masabata 10.

Zinatuluka m'masabata 23.

Kuchedwako pakokha sindikuwaimba nako mlandu waukulu. Pampu yochotsa mpweya m'makina inawonongeka, yatsopano inachedwa kufika, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi makina oterewa amadziwa kuti zimachitika. Chimene chinandipweteka n'chakuti palibe anandiuza. Sabata ya 11 ndinalemba imelo yofunsa mwaulemu. Zii. Sabata ya 13 ndinalembanso. Zii. Sabata ya 16 ndinalemba yachitatu, n'kuikamo aphunzitsi amene amayang'anira kafukufuku wanga, ndipo apo m'pamene mkulu wa labotaleyo anayankha mizere iwiri yonena za pampuyo. Pambuyo pake ndinamva kuti maimelo a makasitomala onse amapita kwa mkuluyo, yemwe amakhala paulendo nthawi zambiri, ndipo mayi aja saloledwa kulonjeza masiku. M'masabata amenewo tsiku lomaliza lotumizira mitu ya msonkhano wina waukulu linandidutsa. Ndikanadziwa pa sabata ya 10 kuti makina aima, ndikanakonza zina n'kupita ndi zotsatira zina zimene ndinali nazo kale. Usiku wina ndinadzuka n'kuyamba kuwerenga kuti m'mabotolo anga otsala mwatsala mamililita angati, poganiza kuti mwina aja atayika ndipo akuopa kundiuza. Munthu amene wapereka chinthu chosabwezeka sayenera kusiyidwa m'maganizo otere. Imelo ya mzere umodzi ikanakwanira. Nyenyezi ija yapita apa.

Dandaulo lachiwiri ndi laling'ono koma lingasokoneze wophunzira watsopano. Zotsatira zinabwera m'tebulo, ndipo pamwamba pa mzere wa manambala panangolembedwa δ44/40Ca, osanena kuti akuyerekeza ndi chiyani. Manambala a ma isotope sakhala paokha. Nthawi zonse amanena kusiyana ndi muyezo wina wogwirizana. Pa kashiamu pali miyezo ingapo. Ambiri amayerekeza ndi ufa wa calcium carbonate wotchedwa SRM 915a wa ku NIST (bungwe la miyezo la ku America), umene unatha pamsika n'kulowedwa m'malo ndi 915b. Ena amayerekeza ndi madzi a m'nyanja yamchere, amene ndi olemera kuposa 915a ndi pafupifupi 1.9 pa 1,000. Miyala wamba ya pansi pano, poyerekeza ndi 915a, imakhala cha m'ma 0.9, poyerekeza ndi madzi a m'nyanja yamchere imagwera cha m'ma 1 pansi pa ziro. Ine ndinazolowera 915a. Nditatsegula tebulolo n'kuona manambala ambiri ali pansi pa ziro, mtima unagunda. Ndinaganiza kuti madzi anga aipitsidwa onse. Patapita maola ndi pamene ndinapeza, pa tsamba lachitatu la fayiloyo, kamzere konena kuti muyezo wawo ndi madzi a m'nyanja yamchere. Kusiyana kwa 1.9 n'kwakukulu kuposa chimene ndikufunafuna m'masampulo anga ambiri. Dzina la muyezo liyenera kukhala pamutu pa tebulo, m'zilembo zazikulu. Ndinawauza, ndipo anavomera kuti asintha.

Koma pa tsamba lachitatu lomwelo ndinapeza chimene chandichititsa kuti ndibwererenso. Mayi aja analemba mbiri ya sampulo iliyonse: tsiku loyeretsa, tsiku loyeza, ndi kangati anaiyeza. Pa masampulo 6 a gulu lachiwiri analemba kuti kakapu kopanda kanthu kamene amayendetsa limodzi ndi gululo, kuti aone ngati chipinda chili choyera, kanatuluka ndi kashiamu wochuluka kuposa mmene amalolera. Anafufuza n'kupeza kuti botolo lina la asidi linali litaipa. Kwa masampulo a m'nyanja, okhala ndi kashiamu wambiri, zikanangosintha pang'ono. Koma atatu mwa 6 aja anali a timitsinje tafupi. Anataya zotsatira za gulu lonselo, anatenganso madzi m'mabotolo, n'kuyambiranso, osandilipiritsa. Ina imodzi inaonetsa potaziyamu wotsalira poyeza, ndipo anaidutsitsanso m'kachubu. Pa imodzi yomaliza, ya madzi osungunuka pamwamba pa Canada Glacier, analemba mosabisa kuti kashiamu anali wochepa moti nambala yake sakuidalira, ndipo anaiika m'bokosi lake ndi chenjezo kuti ndisaigwiritse ntchito popanda kuyezanso.

Taganizani: ine sindikanadziwa chilichonse mwa zimenezi. Akanatha kunditumizira manambala onse ali bwinobwino, ine n'kujambula zithunzi, n'kumanga nkhani yonse pa asidi woipa wa m'botolo lawo. Mbali ina ya kuchedwa kuja inachokera pa kubwereza kumeneku, ndipo mbali imeneyo ndailandira ndi manja awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayiwo kudekha ali nako.

Nanenso ndinawayesa. Pakati pa mabotolo aja ndinabisamo awiri amene anali madzi amodzi omwewo a ku Hoare, ogawidwa pawiri, okhala ndi manambala osiyana. Labotale sinadziwe. Zotsatira zake zinagwirizana mkati mwa malire amene iwo amalonjeza. Anandipatsanso manambala onse a miyezo imene ankayeza m'masabata amenewo, 915b ndi madzi a m'nyanja yamchere, osati avereji yokha ayi, kuti ndidzionere ndekha mmene makina ankayendera tsiku ndi tsiku. Mukamafunsa mtengo kulikonse, funsaninso ngati adzakupatsani zimenezi.

Za 40 weniweni uja. Potaziyamu wa mtundu wa 40 amasanduka pang'onopang'ono. Theka lake limatha m'zaka 1.25 biliyoni, ndipo pafupifupi magawo 89 pa 100 a wosandukayo amakhala kashiamu wa 40. Ndiye mwala wakale wokhala ndi potaziyamu wambiri ndi kashiamu wochepa umakhala ndi 40 woonjezera, amene angaoneke ngati kupepuka kwa mtundu wina uja koma gwero lake ndi lina. Popeza m'zigwamo muli granite wakale, ndinafuna kutsimikiza. Kuyeza kumeneku kumafuna sampulo yopanda spike, ndiye ndi ntchito yachiwiri ndi malipiro achiwiri. Ndinali wokonzeka kulipirira onse. Mayiwo anandiletsa, nati tiyambe ndi 4 okha a m'timitsinje todutsa pa granite, ndipo ngati saonetsa kanthu ndisawononge ndalama pa enawo. Labotale imene imakuletsa kuipatsa ndalama zako si zambiri.

Mtengo wake ndi wowawa, ndisakubisireni. Sampulo imodzi inadya ndalama yoposa imene ndimagulira chakudya cha sabata yonse, ndipo anthu akunja timalipira kuposa a pa yunivesite yawo. Bilu inafika kachiwiri chifukwa yoyamba inali ndi nambala yolakwika ya masampulo, anawerengeramo mabotolo a madzi oyera aja, anakonza nditangonena. Sapereka malangizo a kapakidwe ka mabotolo pokhapokha mutafunsa, ndipo ayenera kutero, chifukwa botolo langa limodzi linafika litadontha pang'ono pachivindikiro. Madzi otsala amabweza ngati mwanena pasadakhale. Mukapanda kunena amasunga miyezi yochepa kenako amataya. Lembani pa fomu kuti mukuwafuna.

Ngati funso lanu ndi la kuchuluka kwa kashiamu m'madzi, kaya a pachitsime kaya a mumtsinje, kuno si koyenera. Labotale wamba ya zamadzi ikuyankhani msanga pa mtengo wochepa. Ngati muli ndi masampulo mazana ndipo tsiku lomaliza lili pafupi, funani a plasma. Koma ngati muli ndi mabotolo ochepa osabwezeka, ena a kashiamu wochepa ngati a m'munsi mwa glacier, ena amchere wadzaoneni ngati a Vanda, ndipo yankho lanu lagona pa kusiyana kwa 0.1, awa ndiwo anthu ake. Kungoti pa mgwirizano mulembetse kuti azikudziwitsani sabata ziwiri zilizonse, ngakhale palibe chatsopano, ndipo mupemphe kuti imelo ya woyendetsa makina ikhalepo pa makalata onse.

Zotsatira zenizenizo sindiziika pano chifukwa zikadali m'manja mwa aphunzitsi anga ndipo sizinasindikizidwe. Mwezi wathawu ndatumizanso ena: mabotolo 12, ambiri a ku Bonney, kuphatikizapo awiri a kufupi ndi Blood Falls, pamene madzi amchere ofiira ndi dzimbiri amatuluka kumapeto kwa Taylor Glacier, malo amene Griffith Taylor anawaona mu 1911. Chifukwa cha chitsulo chochuluka m'madzi amenewo, mayiwo anati adzawadutsitsa m'kachubu kena kaye kochotsa chitsulocho asanafike pa kashiamu. Ulendo uno chivindikiro chilichonse ndinachimata ndi tepi, ndipo botolo la Canada Glacier ndatumiza lalikulu, la theka la lita. Imelo yoyamba inafika tsiku lachinayi, yochokera kwa mayi aja eni ake, yonena kuti mabotolo onse 12 afika ouma kunja ndipo ali mufiriji.